Madzi amalowa bwanji mu selo? Nkhani ya kabowo komwe anakawerengera asanakaone

Mwamwa kapu ya madzi, atsikira m'mimba, afika m'matumbo, ndiyeno? Ambirife timangoti alowa m'thupi basi nkhani yatha. Komatu thupi si botolo loti mungothiramo, thupi ndi maselo mabiliyoni osawerengeka ndipo selo lililonse ndi lokutidwa ndi kachikopa kake kopyapyala komwe asayansi amati membuleni. Ndiye kuti madzi aja afike m'magazi, afike ku ubongo, kenako atuluke ngati thukuta, misozi, malovu kaya mkodzo, ayenera kudutsa tizikopa timeneti maulendo ambirimbiri. Vuto lake nali, kachikopako ndi ka mafuta. Ndipo aliyense amene anayesapo kusakaniza madzi ndi mafuta akudziwa kuti awiriwa samwerana madzi olo mutakase mpaka mkono kuwawa.

Funso limeneli lawadyera nthawi anthu a biophysics kwa zaka zoposa 100. Awa ndi asayansi aja omwe amatenga chinthu chamoyo nkuchiyeza ngati mmene munthu wa fizikisi amayezera waya wa magetsi kapena paipi, zingati zadutsa, pa sekondi zingati, mukatenthetsa zikusintha bwanji. Ine chomwe chimandigwira mtima pa nkhaniyi nchakuti anthuwa anadziwa kuti pali kabowo kolowera madzi, mpaka kuyerekeza kukula kwake, zaka zoposa 30 munthu aliyense asanakagwire. Anakapeza ndi masamu.

Tione kaye kachikopako. Kunenepa kwake ndi pafupifupi ma nanomita 5, ndipo nanomita ndi mita imodzi mutaigawa ka biliyoni, moti kuti mufike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi mungafunike kusanjikiza tizikopa toposa 10,000. Kamapangidwa ndi mamolekyu a mafuta, kutanthauza tizidutswa take ting'onoting'ono kwambiri, okhala ndi mutu ndi michira iwiri, mutu umakonda madzi michira imadana nawo. Mukawaponya m'madzi amadzikonza okha m'mizere iwiri, mitu kunja michira kubisala pakati. Omwe anaonetsa zimenezi ndi Gorter ndi Grendel a ku Leiden ku Netherlands mu 1925. Anasungunula mafuta a m'maselo ofiira a magazi, kuwayala pamwamba pa madzi, nkupeza kuti malo omwe afalikira ndi owirikiza kawiri kukula kwa kunja kwa maselo aja. Choseketsa nchakuti pambuyo pake kunadziwika kuti analakwitsa malo awiri, mafuta sanachotse onse komanso kukula kwa maselo anakuchepetsa, koma zolakwa ziwirizo zinafafanizana yankho nkutuluka lolondola. Mwayi umakhalakonso ku labu.

Zoti madzi amadutsa pa chikopa zinadziwika kalekale. Mu 1748 wansembe wina wa ku France, Jean-Antoine Nollet, anathira mowa wa spiriti m'kabotolo, kutseka pakamwa ndi chikhodzodzo cha nkhumba, nkumiza m'madzi. Patapita maola angapo chikhodzodzo chija chinali chitatukumuka, madzi alowa ambiri kuposa mowa womwe watuluka. Izi ndi zomwe timati osimosisi. Madzi amapita mbali yomwe kuli zosungunuka zambiri, kaya ndi mchere kaya shuga, bola chikopacho chizilola madzi nkumakaniza zosungunukazo. Palibe pampu, palibe akukankha. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa ambiri amaganiza kuti selo limapopa madzi. Selo limapopa mchere, madzi amangotsatira pambuyo. Paja ndi chifukwa chake madzi osakaniza shuga ndi mchere amapulumutsa munthu wotsegula m'mimba, Robert Crane anafotokoza mu 1960 kuti m'matumbo shuga ndi sodium zimalowera khomo limodzi, ndipo zikalowa madzi amalondola.

Kenako kunabwera Charles Ernest Overton, Mngelezi yemwe ankagwira ntchito ku Zürich. Kuyambira 1895 mpaka cha m'ma 1899 bamboyu anayesa mankhwala mazanamazana pa maselo a zomera ndi a nyama, kumaona kuti ati akulowa msanga ati akukanika. Anapeza lamulo losavuta, chinthu chikamasungunuka bwino m'mafuta chimalowanso mu selo mosavuta. Mpomwe anaganizira kuti chikopa cha selo chiyenera kukhala cha mafuta, nthawi imeneyo Gorter ndi Grendel asanayale nkomwe mafuta awo pamadzi. Iye ndi Hans Horst Meyer, aliyense payekha, anaonanso kuti mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni amakhala amphamvu malingana ndi mmene amakondera mafuta. Lamulo la Overton likugwirabe ntchito mpaka pano, opanga mankhwala amaliyang'ana akamafuna kudziwa ngati piritsi lingachoke m'matumbo kukafika m'magazi. Okosijeni amadutsa, mowa umadutsa. Koma chilichonse chokhala ndi chaji ya magetsi monga sodium ndi potaziyamu chimaima panja, shuga nayenso ndi wamkulu komanso amakonda madzi kwambiri moti amafunika womunyamula.

Nanga madzi? Apa mpomwe zinasokonekera. Madzi ndi kamolekyu kakang'ono zedi, ndipo michira ya mafuta ija siima chilili, imagwedezeka nthawi zonse nkumasiya timipata. Ndiye madzi amadutsa ndithu pa mafutawo, pang'onopang'ono koma amadutsa. Mu 1962 Paul Mueller ndi Donald Rudin atapeza njira yopangira kachikopa ka mafuta okhaokha mu labu, anthu anayeza nkuona kuti eya madzi akudutsadi popanda puloteni iliyonse, paja mapuloteni ndi mamolekyu akuluakulu omwe selo limapanga kuti azigwira ntchito zosiyanasiyana. Ambiri anati nanga mukufunanso chani, madzi sasowa khomo amangodutsa pakhoma. Ndipo kwa maselo ambiri zimenezo nzoona. Koma panali maselo ena omwe manambala ake ankakana. Selo lofiira la magazi mukaliika m'madzi opanda mchere limatupa nkuphulika pompo. Timachubu ta mu impso timabweza madzi ochuluka modabwitsa. Liwiro limenelo mafuta okha sangalikwanitse.

Umboni wamphamvu unachokera ku Harvard, mu labu ya Arthur Solomon, mu 1957. Pali njira ziwiri zoyezera mmene madzi akudutsira. Ina mumaika madzi okhala ndi chizindikiro mbali imodzi, iwo anagwiritsa ntchito madzi a tritium omwe makina amatha kuwamva, nkuona kuti atenga nthawi yaitali bwanji kuti asakanikirane ndi a mbali inayo, mchere uli wofanana uku ndi uku. Njira inayo mumaonjezera mchere mbali imodzi nkuyeza mmene madzi akuthamangira. Madzi akamadutsa pa mafuta, molekyu iliyonse payokhapayokha, manambala awiriwa amayenera kufanana. Koma m'maselo ofiira nambala yachiwiri inatuluka yokulirapo ndithu. Chifukwa chake nchiyani? Taganizani kanjira kopapatiza koti anthu amayenda mmodzimmodzi, wina sangampitirire mnzake. Onse akamakankhidwira mbali imodzi mzere umayenda bwinobwino, wina akalowa uku wina watuluka uko. Koma mukati mulondole munthu mmodzi yekha wovala malaya ofiira, pomwe mzerewo ukungosuntha kutsogolo kubwerera kumbuyo, ameneyo atenga nthawi, nanga si ayenera kudikira onse a kutsogolo kwake atuluke kaye. Ndiye kusiyana kwa manambala awiri aja kumakuuzani kuti pali kanjira, ndipo ngati kanjirako nkopapatiza chonchi kumakuuzaninso kuti mu mzeremo muli angati.

Alan Finkelstein wa ku Albert Einstein College of Medicine ku New York anayesa ganizoli pa chinthu chodziwika kale. Pali mankhwala ophera mabakiteriya otchedwa gramicidin omwe amaboola kabowo kopapatiza pa chikopa cha mafuta. Mu 1978 iye ndi Paul Rosenberg anayeza manambala awiri aja pa kabowoko nkupeza kuti akusiyana pafupifupi ka 5, kutanthauza kuti mkatimo mumakhala mamolekyu a madzi 5 kapena 6 atandandalika mzere umodzi. Tangoganizani, kuwerenga mamolekyu 5 opanda maikulosikopu yowaonera.

Umboni wina unali kutentha. Madzi akamadutsa pa mafuta mukangotenthetsa pang'ono liwiro limakwera kwambiri, chifukwa molekyu iliyonse imafunika mphamvu yambiri kuti isiyane ndi zinzake nkulowa m'mafuta. M'maselo ofiira kutentha sikunkasintha zambiri, mphamvu yofunikayo inali theka la yomwe imafunika pa mafuta kapena kucheperapo. Madziwo ankayenda ngati akuyenda pakati pa madzi anzawo. Ndiye mu 1970 Robert Macey wa ku Berkeley ndi mnzake anathira mankhwala okhala ndi mercury pa maselo ofiira, liwiro lija linagwa mpaka kufanana ndi la mafuta okha, ndipo atachotsa mercury linabwerera. Mercury amamatirira pa mapuloteni. Ndiye chomwe chatsekedwacho ndi puloteni basi.

Musaganize kuti aliyense anangovomera. Pali chinthu china chomwe chavutitsa kafukufuku ameneyu mpaka lero, ndipo ine ndimaona kuti luso lenileni la ntchitoyi lagona pamenepa. Pafupi penipeni ndi chikopa pamakhala kagawo ka madzi komwe sikatakasika olo mutani, ngati mmene madzi a m'mphepete mwa mtsinje amakhalira phee pomwe apakati akuthamanga. Jack Dainty anachenjeza za zimenezi mu 1963. Kagawoka kamatha kunenepa kuposa chikopacho maulendo masauzande, ndiye inu mukamati ndikuyeza chikopa mwina mukungoyeza nthawi yomwe molekyu ikutenga kusambira m'madzi oima aja, chikopa chenichenicho isanachifike nkomwe. Si zokhazo, madzi akamadutsa amasukulutsa mchere womwe uli pafupi ndi chikopa kumbali komwe akupita, nkuunjika mchere kumbali komwe akuchokera, ndiye mphamvu yokoka ija imachepa inu osadziwa. Choopsa kwambiri nchakuti madzi oimawa amatha kusiyanitsa manambala awiri aja ngakhale pasakhale kabowo kalikonse. Nchifukwa chake anthu anakonda maselo ofiira, ndi ang'onoang'ono kagawo koimako kamachepa, ndipo anapanga makina osakaniza maselo ndi madzi amchere m'kuphethira kwa diso nkuwaunika ndi kuwala, maselo akamaphwa kuwalako kumamwazika mosiyana, makina nkumajambula.

Pofika m'ma 1980 zinali zodziwika kuti khomo lilipo, ndi puloteni, mercury amalitseka, koma puloteni yake iti? Kuisaka kunali kovuta chifukwa madzi ali ponseponse, mkati ndi kunja, ndipo alibe chaji yoti muiyeze ndi waya ngati mmene amachitira ndi sodium. Yemwe anaigwira sankaifuna nkomwe. Peter Agre, dokotala wa za magazi ku Johns Hopkins ku Baltimore, ankafufuza mapuloteni a gulu la magazi la Rh, lija limapangitsa kuti magazi a munthu azitchedwa positive kapena negative. Pa zomwe ankasefa pankangotuluka kapuloteni kena, iwo nkumayesa kuti ndi chidutswa cha Rh. Mu 1988 anaonetsa kuti ndi puloteni ina payokha, yambiri zedi, pafupifupi 200,000 pa selo lofiira lililonse, ndiponso yodzaza mu impso. Anaitcha CHIP28. Mphunzitsi wake wakale John Parker wa ku Chapel Hill ndi yemwe anamufunsa kuti kodi mwina si khomo la madzi lija anthu akhala akulisaka?

Poyesa anatenga mazira a chule wotchedwa Xenopus laevis. Mazira amenewa ndi abwino pa ntchitoyi chifukwa chuleyu amaikira m'madzi opanda mchere, ndiye chikopa chake chimakaniza madzi kwambiri, kupanda apo bwenzi akuphulika onse. Gregory Preston anabaya ena mwa mazirawo RNA yokhala ndi malangizo opangira CHIP28, ena anangowabaya madzi. Patapita masiku angapo anawaika onse m'madzi ochepa mchere. Obayidwa madzi aja anangokhala phee. Okhala ndi puloteni aja anatupa nkuphulika m'mphindi zochepa. Atathira mercury kutupa kunachepa. Zotsatirazi zinatuluka mu 1992, ndipo chaka chomwecho pamodzi ndi Mark Zeidel anaika puloteniyo yoyeretsedwa m'timipira ta mafuta topangidwa mu labu, kuonetsa kuti payokha popanda wothandizira imadutsitsa madzi. Dzina loti aquaporin linabwera mu 1993, CHIP28 nkukhala AQP1. Mu 2003 Agre analandira mphoto ya Nobel ya kemisitiri, kugawana ndi Roderick MacKinnon yemwe mu 1998 anaonetsa maonekedwe a khomo lolowera potaziyamu.

Apa panali mkangano. Gheorghe Benga wa ku Cluj-Napoca ku Romania anali atalemba kale mu 1986 kuti pali mapuloteni ena pa maselo ofiira omwe mercury amamatirirapo madzi akatsekeka, ndipo limodzi mwa malo omwe analoza ndi pomwe aquaporin imapezeka. Iye sanaiyeretse payokha kapena kuonetsa kuti ndi imeneyodi, koma kuloza analoza, ndipo anadandaula poyera kuti anamusiya. Ine ndimaona kuti dzina lake liyenera kutchulidwa nkhaniyi ikamakambidwa. Chinanso choseketsa, mapuloteni a banja la Rh omwe Agre ankafuna poyamba aja, pambuyo pake kunadziwika kuti nawonso ndi makomo, ena mwa iwo amadutsitsa ammonia.

Maonekedwe a aquaporin anaoneka bwinobwino mu 2000 pa ntchito ya magulu a Yoshinori Fujiyoshi ku Kyoto ndi Andreas Engel ku Basel. Zimakhala zinayizinayi pamodzi, iliyonse ndi kabowo kake. Kabowoko nkotakata kukamwa kuwiri konse koma kopapatiza pakati, ndipo pamalo popapatiza kwambiri ndi pafupifupi nanomita 0.28, komwe ndi kukula kwa molekyu imodzi ya madzi ndendende. Ndiye mzere wa mmodzimmodzi uja anthu anawerengera kalekale unalipodi. Liwiro lake ndiye losamveka, mamolekyu a madzi pafupifupi mabiliyoni 3 pa sekondi pa kabowo kamodzi. Sodium ndi potaziyamu sizidutsa chifukwa m'madzi zimayenda zitavala chijasi cha mamolekyu a madzi, ndipo kabowoka kalibe chozipatsa kuti zivule.

Koma chovuta kumvetsa ndi pulotoni. Chonde musasokoneze, puloteni ndi chinthu chachikulu chomwe chapanga khomolo, pulotoni ndi haidurojeni yemwe wataya elekitironi, kanthu kakang'onong'ono kokhala ndi chaji, komwe kamapangitsa kuti asidi akhale asidi. Pulotoni siyenda m'madzi ngati zinthu zina. Mamolekyu a madzi amakhala atagwirana manja, ndiye pulotoni ikamatirira pa molekyu yoyamba, yoyambayo imapereka haidurojeni wake wina kwa yachiwiri, yachiwiri kwa yachitatu, mpaka kumapeto kwatuluka pulotoni ina pomwe yolowa ija sinasunthe nkomwe. Ganizoli linayamba ndi Theodor Grotthuss mu 1806. Tsono mzere wa madzi m'kabowo kopapatiza ndi waya weniweni wa mapulotoni, mu gramicidin muja amadutsa mwamkokomo. Aquaporin ikanakhala choncho bwenzi tili pamavuto, chifukwa maselo amasunga mphamvu posiyanitsa kuchuluka kwa mapulotoni mbali ziwiri za chikopa, ngati batire, mabakiteriya ndi zomera amadalira kwambiri zimenezi. Khomo lodontha mapulotoni ndi batire lakutha. Komatu aquaporin siidontha.

Yankho linachokera pa kompyuta. Mu 2001 Bert de Groot ndi Helmut Grubmüller ku Göttingen, kenako mu 2002 Emad Tajkhorshid ndi Klaus Schulten ku Illinois ndi anzawo, anayerekeza kayendedwe ka atomu iliyonse m'khomolo, nkuona zodabwitsa. Molekyu ya madzi imalowa itayang'ana mbali ina, ikafika pakati pomwe pali ma amino asidi (tinjerwa tomangira puloteni) awiri otchedwa asparagine imagwiridwa nkutembenuzika, nkutuluka itayang'ana mbali inayo. Poyamba anthu anati kutembenuzikako ndi komwe kumadula waya uja. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti chachikulu ndi magetsi, pakati pa khomolo komanso pamalo popapatiza paja pali chaji yofanana ndi ya pulotoni, ndipo zofanana zimakankhana, komanso pulotoni imasowa mtendere m'malo opanda madzi okwanira oizungulira. Zonsezi zimagwirira pamodzi, kungoti asayansi amasiyanabe kuti chachikulu mwa izo ndi chiti.

Nanga bwanji makomo opapatiza mofanana amasiyana liwiro? Peter Pohl wa ku Johannes Kepler University ku Linz ku Austria wakhala zaka zambiri pa funso limeneli. Gulu lake limayandikiza timawaya topyapyala pafupi penipeni ndi chikopa nkuyeza mchere m'kagawo ka madzi oima kaja, ndiye chinthu chomwe chinkasokoneza ena iwo anachisandutsa choyezera. Mu 2015 atayerekeza makomo angapo anapeza kuti liwiro limadalira kwambiri kuchuluka kwa malo a pakhoma la kabowo omwe madzi angagwirane nawo manja. Malo ogwira akachuluka madzi amachedwa, ngati munthu woti akudutsa koma aliyense akufuna kumupatsa moni wapamanja. Nchifukwa chake timachubu ta kaboni tosalala mkati timadutsitsa madzi mwaliwiro kwambiri, ndipo opanga zosefera madzi a m'nyanja kuti achoke mchere akuyang'ana kwambiri kumeneku.

M'thupi la munthu muli mitundu 13 ya aquaporin, kuyambira AQP0 mpaka AQP12. Pomwe zimaonekera bwino ndi mu impso. Tsiku lililonse impso zimasefa malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, koma mkodzo umatuluka lita imodzi kapena awiri, otsalawo onse amabwezedwa. Ambiri amabwerera kudzera pa AQP1 yomwe imakhala yotsegula nthawi zonse. Chiganizo chomaliza chimapangidwa kumapeto kwa timachubu komwe kuli AQP2, yomwe Sei Sasaki ndi anzake ku Tokyo anaipeza mu 1993. Iyi ndiye yochenjera. Imakhala itabisidwa m'timatumba mkati mwa selo, thupi likayamba kusowa madzi ubongo umatulutsa homoni ya vasopressin, timatumba tija nkupita kukamatirira pa chikopa, makomo atseguka, madzi abwerera m'magazi, mkodzo nkukhala wochepa komanso wachikasu kwambiri. Mukamwa madzi ambiri homoni imatsika, makomo amabwezedwa mkati. Mowa umachepetsa homoni imeneyi, nchifukwa chake womwa sakhalitsa pampando. Pali anthu obadwa ndi AQP2 yowonongeka kapena yosamva homoni, amatha kukodza malita oposa 10 pa tsiku nkumangokhala ndi ludzu, ndipo mankhwala a lithium, ochizira matenda ena a maganizo, amathanso kubweretsa vuto lofananalo.

Ndiye mungaganize kuti munthu wopanda AQP1 sangakhale moyo eti? Mu 1994 anapezeka anthu ochepa kwambiri omwe alibiretu, anadziwika chifukwa magazi awo analibe chizindikiro cha gulu lotchedwa Colton, chomwe chimakhala pa puloteni yomweyi. Anthuwa ankakhala bwinobwino osadziwa kanthu. Vuto linaoneka atawayesa powamana madzi, impso zawo zinalephera kusunga madzi mokwanira. Zikuonetsa kuti aja ankati madzi amangodutsa pakhoma sanalakwitse kwenikweni, khomo limafunika pomwe pakufunika liwiro.

Mu ubongo muli AQP4, ndipo nkhani yake ndi ya mbali ziwiri. Alan Verkman wa ku San Francisco anaweta mbewa zopanda aquaporin zosiyanasiyana. Zopanda AQP4 zikachita sitiroko ubongo wake sunkatupa kwambiri ndipo zinkapulumuka zambiri, chifukwa madzi ankachedwa kulowa m'maselo. Koma pa kutupa kwa mtundu wina, komwe madzi adontha kale kuchokera m'mitsempha, mbewa zomwezo zinkavutika kwambiri chifukwa madzi ankachedwa kutuluka. Khomo silisankha mbali. Mu 2004 ndi 2005 Vanda Lennon wa ku Mayo Clinic ndi anzake anapeza kuti pa matenda otchedwa neuromyelitis optica, omwe amaononga mitsempha ya maso ndi ya mumsana, chitetezo cha m'thupi chimaukira AQP4 yomweyi, ndipo pano pali kuyeza magazi komwe kumawasiyanitsa ndi matenda ena ofanana nawo otchedwa multiple sclerosis. AQP0 ikaonongeka m'kagalasi ka m'diso imabweretsa ng'ala, AQP5 ndi ya malovu. Koma mankhwala otseka aquaporin mwachindunji sanafikebe m'zipatala, ambiri omwe ankaoneka ngati akugwira ntchito atawayezanso mosamala anapezeka kuti ayi.

Ena m'banjali sadutsitsa madzi okha. AQP3 ya pakhungu, AQP7 ya m'maselo a mafuta ndi AQP9 ya m'chiwindi zili ndi kabowo kotakatirapo ndipo zimalola molekyu yokulirapo yotchedwa glycerol, zina zimalola hydrogen peroxide. Mkangano waukulu uli pa mpweya wa kaboni dayokisaidi. Malinga ndi Overton mpweyawu umasungunuka bwino m'mafuta ndiye sufunika khomo. Koma mu 1998 gulu la Walter Boron linalemba kuti mazira a chule okhala ndi AQP1 amaulowetsa msanga, ndipo Gerolf Gros wa ku Hannover wakhala akunena kuti zikopa zodzaza ndi kolesterolo zimaukaniza kwambiri moti khomo limathandiza. Gulu la Pohl linayankha mu 2008 kuti chikopa si chomwe chikuchedwetsa mpweyawu, ndi madzi oima aja, ndipo khomo silionjezera kanthu kooneka. Mwaona, tabwereranso kwa Dainty. Mbali zonse ndi akatswiri odziwa ntchito, kusiyana kwawo kuli poti manambala omwe atuluka pa makina ndi a chikopa kapena ndi a madzi oyandikana nacho.

Palinso kachilombo koyambitsa matenda a kaodzera, Trypanosoma brucei, kofalitsidwa ndi ntchentche ya tsetse. Kwa zaka zambiri zinkadabwitsa kuti tizilombo tikasiya kumva mankhwala a melarsoprol, omwe ali ndi arsenic, nthawi zambiri timasiyanso kumva pentamidine, pomwe mankhwala awiriwa safanana kapangidwe. Mu 2012 gulu la David Horn ku London linapeza kuti onse awiri amadalira aquaporin ina ya kachilomboko kuti alowe. Aquaporin imeneyi ilibe chaji ija pamalo popapatiza ndipo pamalopo ndi potakatirapo, komabe pentamidine ndi wamkulu kuposa molekyu ya madzi maulendo ambiri. Kachilombo kakataya kapena kusintha khomo limeneli kamakhalabe ndi moyo, koma mankhwala amatsala panja.